Nkhope ya Amayi M'chimbale cha Ukwati

Mlongo wanga anafika pakashopu kanga ku Katete Lachiwiri m'mawa, minibasi ya ku Sinda itangomutsitsa pamsewu waukulu. Anabwera ndi chimbale cha kanema wa ukwati wake, chimene ndinakonza ndine zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo ankafunamo chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha nkhope ya amayi. Amayi anamwalira dzinja lotsatira ukwatiwo, ndiye tsopano abale tinali titagwirizana zomanga chiliza mvula isanagwe. Mmisiri wa ziliza ku Chipata anamuuza kuti akapeza chithunzi chooneka bwino adzachimata pamwalapo, monga akuchitira masiku ano, bola chimupeze pofika Lachisanu, chifukwa amatumiza kwina kuti akachidinde pa kambale kosafufutika ndi mvula.

Chithunzi china kunalibe. Cha pa reji yawo, chitupa cha boma chija, chinali cha mtsikana amene ife sitinamuonepo, komanso chinanyowa kalekale denga litadontha. Pa cha amayi a chigwirizano, chimene chinapachikidwa ku tchalitchi kwathu ku Vubwi, iwo anaima kumbuyo kwenikweni moti limaoneka ndi duku lokha. Ine mwana wawo woyamba, amene ndinajambula maukwati a anthu osawadziwa kuchokera ku Sinda mpaka ku Chadiza, ndinalibe ngakhale chimodzi. Sikuti ankakana. Ndinkangoti ndidzawajambula tsiku lina atasamba, atavala bwino, atakhala pampando, ndipo tsiku lotero silinapezeke.

Ndinamuuza mlongo wanga kuti mtima ukhale m'malo, m'maola asanu ndi limodzi a kanema sitingalephere kupezamo nkhope imodzi. Ndinanena izi ndikupukuta chimbalecho ndi malaya, koma ndinkadziwa bwino mmene ndinachikonzera.

Kashopu kanga kanali pakati pa telala ndi bambo wina wogulitsa mbewu ndi feteleza. Munali kompyuta imodzi, kamera imodzi, makina osindikizira zithunzi, ndi mulu wa zimbale zopanda kanthu zimene ndinkaoda ku Chipata. Masiku amenewo mafoni oonerapo kanema anali asanachuluke kumidzi, choncho aliyense wokwatira ankafuna chimbale choti aziika m'kadeki kake alendo akabwera. Vuto linali lakuti m'chimbale chimodzi mumalowa kanema wa maola awiri basi, ngati ukufuna aoneke bwino, pomwe ukwati wa kwathu sudziwa za maola awiri. Kwaya yokha ikhoza kuwamaliza akwati asanalowe n'komwe.

Njira zinali ziwiri, kudula kapena kufinya. Kudula ndinakusiya msanga. Chaka changa choyamba ndinachotsa mbali ina ya perekaniperekani chifukwa inatalika, ndiye mayi wina anapalasa njinga kuchokera ku Mkaika kudzandifunsa chimene anandilakwira. Anati anavina nyimbo ziwiri zathunthu atavala chitenje chatsopano, koma m'kanema mulibe, ndipo anzake akumunena kuti ku ukwatiko sanapondeko. Ndinapepesa mpaka kukhosi kuuma. Pa ukwati munthu akhoza kukukhululukira ukamumana nyama, koma osati ukamuchotsa m'kanema.

Kufinya kunalibe milandu. Unkangouza kompyuta kuti kanema yense, atalike bwanji, akwane m'chimbale chimodzi, ndipo iyo inkabuula tsiku lonse mpaka zitatheka. Zinkandikumbutsa mmene tinkatsenderera thonje m'thumba ndi miyendo tili ana, kungoti thonje ukalitulutsa limafufumanso, pomwe kanema ukamufinya wafinyika basi. Kompyuta ndi yaulesi, koma ulesi wake ndi wochenjera. Chinthu chosayenda imachijambula kamodzi n'kumangochibwereza, ndiye chimatuluka chowala bwino. Choyenda chimafuna malo ambiri, ndipo malo akachepa imachiphwanya kukhala timabokosi tosokonekera mitundu. Choncho m'zimbale zanga abusa paguwa ankaoneka mpaka mabatani a jekete, akuluakulu a pamipando chimodzimodzi, koma ovina, fumbi, ndi zitenje za maluwa ang'onoang'ono zonse zinkasanduka phala. Panalibe wodandaula. Aliyense amadziwa chimene anavala, ndipo akaona kabokosi kobiriwira kakugwedezeka pakona ankaloza n'kumati ndi iyeyo.

Ukwati wa mlongo wanga unatenga masiku awiri. Loweruka unali kwathu ku Vubwi, ku tchalitchi kenako pabwalo, ndipo Lamlungu tinakwera kalole ka kanta kukamutula kwa mwamuna wake ku Sinda, komwe akuchimuna anakonzanso phwando lawo. Nditabwerera ku Katete ndinapeza kuti ndajambula maola asanu ndi limodzi. Ndinaganiza zokonza zimbale ziwiri, cha ku Vubwi ndi cha ku Sinda, chilichonse chofinyidwa pang'ono chabe. Koma sabata yomweyo amalume, mlongo wawo wa amayi, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo, anabwera m'tauni kudzagulitsa mtedza, ndipo anapatuka kudzaona ngati ntchito yatha. Nditawauza maganizo anga, anavula chipewa n'kukhala pansi, chizindikiro chakuti nkhani yakula.

"Zimbale ziwiri? Ukwati ndi umodzi, iwe ufuna kuugawa pakati usanathe ndi mwezi womwe? A ku Sinda adzangoonera chawo, chathu adzakachipachika m'munda kuopsezera mbalame."

Anawonjeza kuti ndisachotsemo kalikonse, chifukwa odandaula adzapita kwa iwo osati kwa ine. Ndikanatha kuwakumbutsa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma munthu suphera mwambi amalume ako. Komanso ndisawanamizire okalambawo zonse: zinandikomera. M'tauni ndinkadziwika kuti ndine amene ndimakwanitsa ukwati wonse m'chimbale chimodzi, ndipo maola asanu ndi limodzi ndinali ndisanawayesepo. Ndinatsitsa nambala ya kafinyidwe kufika pomwe sindinafikitsepo, kompyuta inabuula tsiku lathunthu mpaka kutentha m'mbali, ndipo zonse zinalowa popanda kutsala ngakhale mphindi imodzi. Ndinakopera m'zimbale zinayi zofanana, n'kulemba pamwamba pake ndi cholembera chakuda.

Sabata yotsatira kunali mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo gulu lina la ovina linandipatsa ganyu yoti ndikalijambule. M'kompyuta munalibe malo, m'kadi ya kamera chimodzimodzi. Ndinafufuta kanema woyambirira wa ukwati, wosafinya uja, monga ndinkachitira ndi maukwati onse. Sindinazengereze n'komwe. Inali ntchito ya masiku onse, yosasiyana ndi kusesa m'shopu.

Chimbale nditapita nacho kumudzi tinachionera kwa aphunzitsi, pa kawayilesi kakanema koyendera batire ya galimoto, anthu atadzaza khonde lonse. Kunali kuseka ndi kulozana tsiku lonse. Amayi anadutsa kawiri ali ndi ndowa pamutu. Nditawaitana kuti adzadzione, anayankha osaima n'komwe kuti aonerenji ngati kuti sanaliko.

Tsono Lachiwiri lija tinakhala awiri pabenchi, ine ndi mlongo wanga, n'kuyamba kufufuza. Ndinkayendetsa kanemayo pang'onopang'ono, iye akati "apo" n'kuimitsa. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anandiyang'ana monga amayang'anira munthu amene akulankhula zambiri chifukwa walakwa.

M'tchalitchi amayi analowa mochedwa kuchokera kumoto, nakhala pafupi ndi khomo, pomwe kuwala kwa panja kunawasandutsa chithunzithunzi chakuda. Pabwalo anali ponseponse. Anadutsa kuseri kwa tebulo la akwati atanyamula beseni. Anadutsanso atanyamula mipando iwiri. Analuluta dzanja lili pakamwa, anapitikitsa galu, anatsogolera mbumba yonse kuvina fumbi lili koboo. Tinkawazindikira msanga ndi chitenje chawo cha buluu komanso kayendedwe kaja kopendekera kumanzere chifukwa cha bondo. Koma ndikangoimitsa kanemayo, pamalo pa nkhope pankakhala timabokosi tinayi kapena tisanu tofiirira, tina tating'ono toyera pomwe panayenera kukhala mano. Kanema akamayenda, maso ako amalumikiza okha n'kukunamiza kuti wawaona. Ukaimitsa, mulibemo munthu.

Amalume okha ankaoneka mpaka imvi za m'ndevu, ola ndi ola, atakhala pampando womwewo chipewa chili pabondo. Mlongo wanga anati tikadzafuna chithunzi cha chiliza chawo sitidzavutika, tidzachita kusankha. Tinaseka pang'ono.

Chakumasana magetsi anazima, monga ankachitira nyengo imeneyo, tili pakati pa perekaniperekani. Tinadikira, osabwera. Mlongo wanga anakagona kunyumba kwanga, ndipo Lachitatu tinatsegula shopu m'mamawa, telala asanafike. Ntchito za anthu ena ndinaziimika. Mnyamata wina wokwatira kumene anabwera kudzatenga chimbale chake, ndinamuuza kuti kompyuta ikudwala, abwere mawa.

Titafufuzanso kwa ola limodzi osapeza kanthu, mlongo wanga anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera kuyambira dzulo lake.

"Achimwene, si munafinya ndinu? Nanga bwanji osangomasula, zibwerere mwakale?"

Ndinamufotokozera kuti kompyuta ikamafinya sipinda zinthu n'kuzisunga penapake, imataya, ndipo chimene yataya sichili m'chimbale, sichili m'kompyuta, sichili kulikonse. Anafunsa za kanema woyambirira uja. Ndinamuuza za Kulamba. Anafunsa ngati kanema wa ovinawo ndikadali naye, ndinati ayi, nayenso ndinafufuta patapita sabata ziwiri kuti ndijambule ukwati wina. Anangogwedeza mutu n'kuyang'ana kunja, komwe anthu ankatsitsa matumba a feteleza m'lole.

Ndinali ndi pulogalamu ina yosalaza zithunzi. Ndinasankha pamalo pomwe amayi anaima kamphindi kutula beseni, pomwe timabokosi tinachepako, n'kuyamba kusalaza. Ndinawonjezera kuwala, ndinachotsa ngodya za timabokosi, ndinadetsa pomwe ndinkaganiza kuti pali maso. Inatuluka nkhope ndithu, ya mayi wosalala bwino, wopanda makwinya, wopanda mpata uja wa pakati pa mano, munthu woti tikanakumana naye mumsika sitikanamupatsa ndi moni yemwe. Ndinasindikiza pa pepala labwino n'kumupatsa mlongo wanga. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Awa si amama," anatero, n'kuchivundikira pa tebulo.

Ndinamuuza kuti kambale ka pachiliza kamakhala kakang'ono, ndipo munthu akaima patali sangadziwe. Mawu amenewa ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndi mawu omwe ndinkauza makasitomala ndikafuna kuwakankhira ntchito yoipa, ndipo tsiku limenelo ndinauza mwana wa mayi anga. Ndinakwiya, koma wokwiyira panalibe. Amalume anali kutali ku Vubwi, ndipo batani lofufutira ndinadina ndine.

Chiyembekezo chathu chinatsalira ku Sinda, chifukwa kumeneko amayi anali mlendo, ndipo mlendo amakhala pansi. Anawapatsadi mpando wa kutsogolo. Koma mpandowo anauika moyang'anizana ndi mkwati, ndipo kwathu mpongozi sapenyana maso ndi mkamwini wake. Amayi anautembenuzira kumbali, anawerama, nakokera chitenje kumaso. Anakhala choncho osagwedezeka kwa mphindi zingapo, moti duku lawo linatuluka lowala bwino, mfundo yake yomwe. Kenako ndinaloza kamera kwa wolankhula, ndipo pobwerera mpando unali wopanda munthu. Anali atazembera kale kuseri kukathandiza azimayi a kumeneko. Amayi analibe khitchini yoti n'kunena kuti ndi ya eni.

Kuchokera pamenepo ankangooneka patali, akudutsa pakati pa nyumba ndi nkhokwe, kadontho ka buluu kopendekera kumanzere. Mlongo wanga analeka kunena "apo". Ndinkaimitsabe mwachizolowezi, kuyang'ana, n'kupitiriza.

Zitatsala mphindi zochepa ndinatambasula dzanja kuti nditulutse chimbale. Ndinkakumbukira kuti kumapeto kunali pemphero lotsekera la mkulu wa mpingo wa kumeneko, tisanakwere kanta, ndipo pa chithunzi pankangooneka dothi. Tsiku loonera kwa aphunzitsi anthu anabalalika pofika pamenepo, ndipo ineyo ndinali ndisanaonerepo mpaka kumapeto. Mlongo wanga anati ndisiye, poti tafika kale apa, chithe chokha.

Mkulu wa mpingo anapempha kuti onse aimirire. Kamera inayenda pang'onopang'ono kudutsa azibambo ovula zipewa, kudutsa kwaya, n'kukhotera kuseri kwa nyumba, komwe ndinaima tsiku limenelo pothawa dzuwa. Chitenje cha buluu chinalowa, chapafupi kwambiri. Kamera inakwera. Timabokosi tofiirira tinayamba kukhazikika, chibwano chinayamba kuoneka, chifukwa mwini wake anali ataima chilili. Pomwepo chikhatho chinaphimba zonse, chithunzi chinagwera pansi, ndipo panamveka mawu apafupi ndi kamera, onong'ona koma omveka kuposa a mkulu wa mpingo.

"Tsinzina iwe. Tipemphera."

Ndinali nditaiwaliratu. Tsiku limenelo ndinawapeza ataima phee kwa nthawi yoyamba m'masiku awiri, pafupi moti ndikanawakhudza, dzuwa likuwawalira kumaso, ndipo ndinakweza kamera. Anandiona ndi kangodya ka diso. Ndinali bambo wa ana awiri, mwini shopu m'tauni, koma ndinatsitsa kamera n'kutsinzina, osakumbuka kuizimitsa.

Kamera inalendewera pa lamba wake osagwedezeka, ndipo chimene inaloza nachonso sichinagwedezeke, choncho kompyuta inachisunga bwino kuposa china chilichonse m'chimbale chonsecho. Anali mapazi awo. Anavala nsapato zawo za nsalu zakuda za ku tchalitchi, ataziponda kumbuyo chifukwa zinkawathina, zidendene zili panja ndi ming'alu yake yonse. Pamwamba pa phazi lakumanja panali phulusa. Lakumanzere linaloza kunja pang'ono, mmene ankaimira popumitsa bondo lija. Mphepete mwa chitenje munali monyowa ndi madzi otsukira mbale, ulusi uliwonse ukuoneka. Pansi pa mawu a pemphero pankamveka kupuma kwawo, kwa munthu amene wangotula katundu.

Mkuluyo anali wa mapemphero ataliatali. Anapempherera akwati, makolo a mbali zonse ziwiri, dalaivala wa kanta, matayala ake, mvula ya chaka chimenecho, ndi odwala amene sanathe kubwera. Nditacheuka ndinapeza mlongo wanga watsinzina, manja ali pamiyendo, mutu wawerama. Kuseri kwa khoma makina a telala ankalira monga mwa masiku onse. Ine sindinatsinzine. Ndinayang'ana mapaziwo mpaka pomwe mawu aja anati Ameni, mapazi n'kutembenuka kubwerera kumoto, n'kusandukanso timabokosi.

Mlongo wanga anatsegula maso, napukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Anati ndimuimbire mmisiri wa ku Chipata asadikire Lachisanu, angolemba dzina ndi zaka basi. Kenako anasendera pafupi ndi kompyuta n'kundiuza kuti ndibwezere pomwe panayambira pemphero.